Axolotl Wokhala Yekha M'thanki: Zoyenera Kuchita Akaikira Mazira, Akatupa Kapena Akasiya Kudya

Munthu amene akusunga axolotl mmodzi, nyama ya m'madzi yooneka ngati buluzi, angathe kudzuka m'mawa n'kupeza timipira toterera tambirimbiri titamatirira pa zomera, pa miyala ndi pa paipi ya fyuluta, chonsecho nyama yake sinaonane ndi inzake kwa chaka chathunthu. Wina amapeza tinthu tooneka ngati timapiri ting'onoting'ono titakhala pansi pa thanki, ndipo wina amaona kuti mimba ya nyama yake yakula kapena kuti pansi pa mchira patupa. Zoterezi zimachititsa mantha, ndipo mantha amenewo ndi amene amathamangitsa anthu kukagula mankhwala a nsomba, kuthira mchere m'madzi, kapena kubweretsa axolotl wachiwiri poganiza kuti wawoyo akusowa mnzake. Malangizo awa akuthandizani kusiyanitsa zimene thupi la nyamayi limachita mwachibadwa ikakhwima ndi zimene zikusonyeza matenda, chifukwa zizindikiro za zinthu ziwirizi zimafanana kwambiri, ndipo kuzisokoneza kungafupikitse moyo wa nyama imene ikanakhala nanu zaka 10 mpaka 15.

Khalidwe lonse la kubereka kwa nyamayi limatsatira nyengo ya kwawo. Axolotl, amene akatswiri amamutcha Ambystoma mexicanum, amaoneka ngati buluzi wa m'madzi koma ndi m'bale wa chule, ndipo kwawo ndi ku nyanja za Xochimilco ndi Chalco, m'chigwa mmene muli mzinda wa Mexico City, pamalo okwera mamita oposa 2,200. Madzi a kumeneko ndi ozizira. Nyanja ya Chalco inaumitsidwa, ya Xochimilco inangotsala ngalande, ndipo kuyambira mu 2006 bungwe la padziko lonse loona za kuteteza zachilengedwe la IUCN limaika axolotl m'gulu la nyama zimene zatsala pang'ono kutheratu m'malo awo achilengedwe. Mbululu imataya mchira ndi ziwalo zopumira m'madzi kuti isanduke chule, koma axolotl amakula, kukhwima ndi kubereka adakali ndi thupi la ubwana, ali ndi ziwalo zopumira zitatu mbali iliyonse ya mutu, zooneka ngati nthenga. Ma axolotl amene anafika ku Paris mu 1864 anaswana chaka chotsatira akuyang'aniridwa ndi katswiri Auguste Duméril, ndipo kuchokera nthawi imeneyo zakhala zodziwika kuti nyamayi siivuta kubereka m'thanki. Thupi lake limadzikonzekeretsa likamva kusintha kwa kuzizira kwa madzi ndi kutalika kwa masana, kaya m'thankimo muli mnzake kapena mulibe.

Choyamba: dziwani ngati muli ndi wamphongo kapena wamkazi

Ma axolotl amakhwima ali ndi miyezi ya pakati pa 6 ndi 18, ndipo amphongo ndi amene amafulumira. Asanakhwime, palibe munthu amene angawasiyanitse ndi maso, kotero mawu a wogulitsa onena za kanyama kotalika ngati chala musawadalire. Mulowetseni axolotl wanu m'chidebe choonekera mkati chimene muli madzi a m'thanki momwemo, mom'kankhira pang'onopang'ono osam'nyamula ndi manja, ndipo mumuyang'ane cham'mbali. Kuseri kwa miyendo yakumbuyo, pamene mchira ukuyambira, pali khomo limodzi lotulukira chimbudzi, mkodzo, mazira ndi umuna, limene madokotala amalitcha cloaca. Wamphongo wokhwima amakhala ndi chotupa chachikulu, chofanana mbali zonse ziwiri za khomolo, ndipo chotupacho sichiphwa. Wamkazi pamalopo pamakhala posalala kapena pokwera pang'ono chabe, ngakhale kuti pangathe kutupa kwa kanthawi akatsala pang'ono kuchita chimbudzi kapena kuikira mazira, n'chifukwa chake muyenera kuyang'ana masiku angapo osiyana musanatsimikize.

Kenaka mumuyang'ane kuchokera pamwamba. Wamkazi wokhwima amakhala wobulungira cha kumimba, pamene wamphongo amakhala wowongoka thupi ndipo mchira wake umaoneka wotalikirapo. Nsonga za zala nazo zimasintha mtundu nyama ikakhwima, zimada pa ma axolotl oyera, ndipo zimenezi si matenda. Ngati nyama yanu sinakwanitse miyezi 18 ndipo ilibe chotupa, musafulumire kunena kuti ndi yaikazi, popeza amphongo ena amachedwa kuonekera. Pomaliza kumbukirani tsiku limene nyamayi inasiyana ndi anzake, chifukwa tsiku limeneli lidzakhala lofunika mazira akadzaoneka.

Chachiwiri: yezani madzi musanaganize za china chilichonse

Kaya mwaona mazira, kutupa, kusakhazikika kapena kukana chakudya, choyamba kugwira ndi choyezera kutentha. Axolotl amakhala bwino m'madzi a madigiri 16 mpaka 18 a Celsius. Madigiri 20 ndiwo malire amene simuyenera kumawadutsa kawirikawiri, ndipo madzi akakhala pa madigiri 24 kapena kuposerapo kwa masiku angapo, nyamayi imasiya kudya, imagwidwa ndi chuku ndipo ingathe kufa. Mukatero yezani amoniya, nitrite ndi nitrate, zinthu zoipitsa madzi zochokera ku chimbudzi ndi zakudya zoola, pogwiritsa ntchito zoyezera za madontho, zimene zimanena zoona kuposa timapepala toviika. Amoniya ndi nitrite ziyenera kukhala pa 0, nitrate akhale pansi pa 20 ppm (muyeso umene choyezera chimasonyeza) ngati n'kotheka ndipo asapitirire 40, pamene pH, muyeso wa asidi wa m'madzi, ikhale pakati pa 6.5 ndi 8. Zimene mwapeza muzilembe m'kope pamodzi ndi tsiku.

Ndikuumirira pa gawo limeneli chifukwa zambiri zimene anthu amazitcha chilakolako cha kubereka zimakhala kuvutika ndi madzi. Axolotl amene akusambira mothamanga uku ndi uku, kugunda magalasi, kukwera pafupipafupi kukameza mpweya pamwamba, amene nthenga zake zopumira zapindikira kutsogolo ndipo nsonga ya mchira yapindika ngati mbedza, sakufuna mkazi kapena mwamuna. Khungu lake likuwawa ndi amoniya, kapena madzi atentha, kapena fyuluta ikukankha madzi mwamphamvu kwambiri. Mukapeza amoniya kapena nitrite, m'chotseni m'thanki n'kumuika m'beseni monga ndafotokozera m'gawo lachisanu ndi chimodzi, ndipo akhale momwemo mpaka tizilombo tothandiza ta m'fyuluta titayambiranso ntchito yake yochotsa amoniya ndi nitrite. Musatsuke siponji ya fyuluta ndi madzi a pampopi, chifukwa klorini amapha tizilomboto. Itsukeni m'ndowa ya madzi amene mwachotsa m'thanki. Madzi atsopano onse a pampopi muziwathira mankhwala ochotsa klorini, ndipo musankhe amene mulibe aloe vera.

Kuziziritsa madzi ndi ntchito imene imafuna kukonzekera nyengo yotentha isanafike. Ikani thanki m'chipinda chozizira kuposa zonse, kutali ndi zenera, ndipo m'malo mwa chivindikiro chotseka ikani cha waya wa sefa kuti nthunzi izituluka koma nyama isadumphe. Fani yoomba pamwamba pa madzi imatsitsa kutentha ndi madigiri awiri kapena atatu, mofanana ndi mmene mtsuko wadothi umaziziritsira madzi akumwa, kungoti madzi amaphwera msanga ndipo muyenera kumawonjezera. Mabotolo a madzi oundana amathandiza tsiku limene kwatentha modzidzimutsa, bola muziwasinthanitsa mosadukiza kuti madzi asamakwere ndi kutsika ngati chikepe. Njira yodalirika ndi makina oziziritsira madzi a m'thanki. Pano ndiyenera kunena mosabisa kuti munthu wokhala kumalo otentha monga Nsanje, Chikwawa, Mangochi kapena Salima, amene alibe makinawo ndi magetsi osazimazima, sangathe kusunga nyamayi mosaizunza m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala. Amene ali ku Britain kapena ku Johannesburg nawo asaiwale kuti chipinda chapamwamba m'chilimwe, kapena thanki yoyandikana ndi chotenthetsera nyumba, imafika msanga pa madigiri oopsa.

Chachitatu: ngati ndi wamphongo ndipo mwapeza timapiri toyera pansi

Ma axolotl sakwerana. Pa nthawi ya kubereka wamphongo amagunda wamkazi ndi mphuno, amagwedeza mchira akuyenda patsogolo pake, n'kumamata pansi timatumba ta umuna, ndipo wamkazi amadutsa pamwamba pake n'kutola ndi khomo lake lija. Katumba kamodzi kamakhala kotambalala pansi, kosongoka pamwamba, koonekera mkati ndi koterera, ndipo pansonga pake pamakhala kadontho koyera, kamene ndi umunawo. Ukakawalitsa ndi tochi cham'mbali usiku, kamaoneka ngati kachidutswa ka galasi losungunuka kamene kamamatira pa mwala. Wamphongo wokhala yekha nthawi zina amasiya timatumbati, makamaka pambuyo poti mwathira madzi ozizirirapo kuposa amene anali m'thanki, ndipo masiku amenewo angathe kuyendayenda kwambiri usiku, kugwedeza mchira ndi kudya pang'ono.

Palibe chimene chalakwika apa. Chotsani timatumbato ndi paipi yopopera zinyalala kapena ndi sirinji yaikulu kuti tisaole, ndipo pitirizani kum'dyetsa monga mwa nthawi zonse. Wamphongo amene sasiya timatumba nayenso ali bwino, ndipo sadwala chifukwa chosabereka. Chimene muyenera kuyang'anitsitsa ndi chotupa chake. Chikhale chofanana mbali zonse ndi chofanana mtundu ndi khungu lozungulira, ngakhale chingafiirirepo pang'ono pa nyama zoyera. Chikakula mbali imodzi, chikatuluka magazi kapena mnofu, chimenecho n'chofunika dokotala.

Chachinayi: ngati ndi wamkazi ndipo mimba yakula

Apa m'pamene pali ntchito yaikulu, chifukwa mimba ya axolotl ingakule pa zifukwa zisanu zosiyana ndipo chimodzi chokha n'chimene chili chabwinobwino. Wamkazi wokhwima amapanga mazira m'thupi mwake ngakhale asanaonepo wamphongo. Mimba ya mazira imakula pang'onopang'ono kwa milungu ingapo, mofanana kumanja ndi kumanzere, cha kumbuyo kwa thupi, ndipo nyamayo imapitiriza kudya, kuchita chimbudzi ndi kuyenda pansi pa thanki popanda vuto. Nthenga zopumira zimakhala zodzaza bwino, miyendo ndi khosi sizisintha. Akazi ambiri okhala okha saikira n'komwe, thupi limangoyamwanso mazirawo n'kubweza chakudya chake m'magazi, ndipo mimba imaphwa yokha. Ngati ndi zimene mukuona, musachite chilichonse koposa kusunga madzi aukhondo ndi kujambula chithunzi kuchokera pamwamba kamodzi pa mlungu, kuti musamadalire kukumbukira kwa maso.

Kunenepa kumasiyana ndi mazira chifukwa kumaoneka thupi lonse, ndipo kumatsatira kudyetsa kwambiri. Muyeso umene osunga nyamazi amagwiritsa ntchito ndi wakuti mimba, poiyang'ana kuchokera pamwamba, ikhale yotambalala mofanana ndi mutu, ngakhale kuti wamkazi wa mazira amapitirira pang'ono. Axolotl wamkulu amakhuta ndi chakudya cha kawiri kapena katatu pa mlungu.

Kutsekeka kwa matumbo n'koopsa, ndipo kawirikawiri kumayamba ndi timiyala. Axolotl amadya momeza mwadzidzidzi, kukoka madzi pamodzi ndi chilichonse chimene chili pafupi ndi chakudya, kotero mwala uliwonse wochepa kuposa mutu wake tsiku lina udzalowa m'mimba. Zizindikiro zake ndi chotupa cholimba kapena chopendekera mbali imodzi, kusachita chimbudzi kwa masiku ambiri, kukana kapena kulavula chakudya, ndiponso kuyandama kwa mbali yakumbuyo ya thupi pamene mutu uli pansi. Ngati m'thanki mwanu muli timiyala, tichotseni lero lomwe. Pansi pakhale popanda kanthu, kapena pakhale mchenga wosalala kwambiri ngati nyamayo yapitirira masentimita 15.

Chifukwa chachinayi ndi mpweya wotsekeredwa m'mimba, umene umachititsa nyama kuyandama osatha kumira kapena kupendekera cham'mbali. Chachisanu, chimene ndimachiopa kuposa zonse, ndi madzi odzaza m'thupi. Kutupa kwake kumabwera mofulumira m'masiku ochepa, kumafika pakhosi ndi m'miyendo, khungu limakokeka n'kumanyezimira, ndipo nyamayo imaoneka ngati chibaluni. Kutupa kotere kumachokera ku matenda a impso, chiwindi, mtima kapena tizilombo tolowa m'magazi, ndipo palibe chithandizo cha pakhomo chimene chingakuthetse. Amene amadikira kuti aikire mazira, nyama itatupa chonchi, amataya masiku amene dokotala akanathandizira.

Chachisanu: akayamba kuikira mazira

Wamkazi amene watsala pang'ono kuikira amasiya kukhazikika, amakwera pa zomera, ndipo khomo lake limatupa n'kufiira pang'ono. Ukam'yang'ana mwakachetechete umaona akukumbatira tsamba ndi miyendo yakumbuyo, kukanikiza khomo lake patsambapo, kukhala chete kwa kamphindi, kenaka n'kusuntha, ndipo pamene anali pamatsala dzira limodzi, kadontho kochepa kuposa njere ya mapira kali mkati mwa zoterera zonga therere, zimene zimafufuma zikamwa madzi. Amachita zimenezi dzira limodzilimodzi, kwa tsiku limodzi kapena awiri. Wamkazi amene watola umuna amaikira mazira kuyambira 100 mpaka 1,000, pamene wokhala yekha angathe kuikira ochepa chabe kapena mazana angapo. Pa nthawi imeneyi zimitsani nyali ya pathanki, musasinthe madzi, musam'gwire, ndipo musadandaule akakana chakudya. Ngati m'thanki mulibe zomera, ikanimo zomera za nsalu zofewa kuti apeze pomata mazira, chifukwa kusowa poikira kumam'chititsa kuzungulira mosapuma.

Funso lotsatira ndi lakuti kodi mazirawo aswa kapena ayi. Ngati wamkazi wanu sanakhalepo ndi wamphongo chikhwimireni, mazirawo alibe moyo ndipo sadzaswa. Koma ngati mwangom'gula kumene, kapena munam'patula kwa anzake m'milungu yapitayi, mazira angakhale ndi ana, popeza wamkazi amatha kusunga umuna mkati mwa khomo lake kwa kanthawi. Mtundu wa dzira sungakuuzeni zimenezi, chifukwa wamkazi wachialubino amaikira mazira oyera pamene ena amaikira akuda kapena abulauni. Kuti mudziwe, tengani mazira khumi n'kuwaika m'mbale ya madzi ozizira opanda klorini, ndipo muziwayang'ana tsiku ndi tsiku. Dzira la moyo limasiya kubulungira pakapita masiku anayi kapena asanu, limatalika ngati nyemba, kenaka mutu ndi mchira zimaonekera, ndipo limaswa pakatha milungu iwiri kapena itatu malinga ndi kuzizira kwa madzi. Dzira lopanda moyo limakhalabe lobulungira, limachita mbuu ndipo limamera chuku.

Mazira otsalawo musawadikiritse m'thanki. Akangomaliza kuikira achotseni, chifukwa mazira mazana akuola amakweza amoniya m'masiku ochepa, pa nthawi imene mayiyo ali wofooka. Tulutsani zomera zimene amatirira, ndipo a pagalasi ndi pamiyala muwagubuduze ndi chala, zoterera zija n'zolimba ndipo siziphulika msanga. Yang'ananinso kuseri kwa fyuluta ndi mkati mwa mobisalamo. Akadya ena mwa mazira akewo palibe vuto. Mazira amene simukuwafuna muwaike m'kathumba kotseka n'kuwaumitsa m'firiza kwa masiku atatu, kenaka muwataye ku zinyalala. Musawathire m'chimbudzi, m'ngalande, m'dambo kapena mumtsinje, ngakhale mukukhulupirira kuti alibe moyo, chifukwa nyama yachilendo ndi madzi ake zingathe kupatsira matenda achule a m'deralo.

Ngati mazira ali ndi moyo, maganizo anga ndi akuti muwaumitse m'masiku oyambirira, ana asanaumbike, pokhapokha ngati mukudziwa makolo onse awiri ndipo muli ndi anthu okonzeka kulandira anawo. Ana a axolotl amadya tizilombo tamoyo tokhatokha pa milungu yoyamba, amafuna madzi atsopano tsiku lililonse, ndipo akayamba kumera miyendo amalumana n'kudulana ziwalo ngati sanapatulidwe. Kuwonjezera apo, nyama zogulidwa m'thanki imodzi nthawi zambiri zimakhala za mimba imodzi, ndipo ana a pachibale angathe kubadwa ndi zilema.

Mayi akamaliza kuikira amaoneka wophwa m'mbali ndi wotopa. Mupatseni nyongolotsi, zimene ndi chakudya chabwino kuposa zonse kwa axolotl wamkulu, pang'onopang'ono tsiku lililonse kwa mlungu umodzi kapena iwiri, kenaka mubwerere ku kadyetsedwe ka nthawi zonse. Nyongolotsizo zichokere m'dothi limene simunathiridwe feteleza kapena mankhwala ophera tizilombo, ndipo muzitsuke musanam'patse. Yezani madzi tsiku lililonse kwa mlungu wathunthu, ndipo onetsetsani kuti khomo lake laphwa m'masiku ochepa. Kuti asamaikire pafupipafupi, posintha madzi muzichotsa gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu pa mlungu, madzi atsopanowo akhale ofanana kuzizira ndi a m'thanki, ndipo nyali iziyaka maola ofanana tsiku lililonse. Ndowa ya madzi ozizira kwambiri yothiridwa mwadzidzidzi, monga amene agona panja usiku wa mu Juni kapena Julayi, thupi lake limaimva ngati chizindikiro chakuti nyengo ya kubereka yafika.

Chachisanu ndi chimodzi: zizindikiro zofuna beseni ndi dokotala

Pali zinthu zimene siziyenera kudikira. Mnofu wofiira kapena wapinki ukatuluka pakhomo lija n'kukhala panja, ndiye kuti chiwalo cha mkati chatuluka, zimene zimachitika chifukwa cha kudzimbidwa, kumeza mwala kapena kukankha mazira movutikira. Wamkazi amene wakhala akukankha kwa masiku oposa awiri popanda dzira kutuluka, mimba ili chitupire ndipo akufooka, angakhale kuti mazira amukanirira. Zina ndi kutupa kwa thupi lonse, kufiira kwa khungu kapena zilonda, kuyandama chagada, kunyonyotsoka kwa nthenga zopumira, kukana chakudya kopitirira milungu iwiri pamodzi ndi kuwonda, ndiponso chuku choyera chonga thonje chimene chikufalikira pa nthenga zopumira kapena pakhomo.

Pamene mukufunafuna dokotala, muikeni m'beseni. Tengani chidebe chapulasitiki choyera chimene sichinagwirepo sopo, chachikulu moti angathe kutembenuka momasuka, ndipo muthiremo madzi opanda klorini, ozizira mofanana ndi a m'thanki. Ngati akuyandama, madziwo angom'phimba msana kuti mapazi azigunda pansi, chifukwa kulephera kuponda pansi kumam'topetsa. Vindikirani ndi chivindikiro chobooledwa, ikani pamalo a mdima ndi ozizira, ndipo tsiku lililonse mum'samutsire m'chidebe chachiwiri cha madzi atsopano. Beseni limakupatsani mwayi woona bwino ngati wachita chimbudzi, ngati watulutsa mwala kapena dzira, ndiponso ngati wadya. Chuku chochepa nthawi zambiri chimatha ndi madzi ozizira aukhondo okha. Musanam'gwire kapena kuviika manja m'madzi ake, tsukuluzani manja kuti asakhale ndi sopo kapena mafuta odzola, ndipo mukamaliza sambani ndi sopo, popeza nyama za mtundu wa achule zimatha kunyamula tizilombo ta Salmonella.

Musam'finye mimba kuti mazira atuluke, ndipo mnofu wotuluka musaukoke kapena kuukankhira mkati ndi chala. Musam'patse mankhwala a anthu, ndipo mankhwala a nsomba amene muli kopa kapena malachite green musawayandikize n'komwe, chifukwa khungu la axolotl limayamwa chilichonse chimene chili m'madzi ndipo mlingo umene nsomba imapirira ungathe kumupha. Mchere umene ena amagwiritsa ntchito pa chuku umawawa pakhungu ndipo si mankhwala a kutupa. Kuika nyama m'furiji, kumene kumatchulidwa kawirikawiri pakati pa osunga ma axolotl, kumachedwetsa kugaya chakudya ndi ntchito zonse za thupi, kotero muchite zimenezo pokhapokha dokotala atakuuzani ndi kukupatsani mlingo wa kuzizira.

Pofunafuna dokotala wa ziweto, funsani ngati anathandizapo achule kapena nyama zokwawa, popeza ambiri anazolowera agalu, amphaka ndi ng'ombe. Dokotala angathe kujambula ndi X-ray kuti aone mwala, kuunika ndi makina kuti asiyanitse mazira ndi madzi, kubwezera mnofu wotuluka nyama itagonetsedwa, ndi kupereka mankhwala oyenera pa mlingo woyenera. Paulendo mum'nyamule m'chidebe chotseka bwino chimene mwachiika m'bokosi losunga kuzizira, botolo lozizira lili pambali pa chidebecho osati mkati. Tengani kope lanu la miyeso, zithunzi zija za mlungu ndi mlungu, ndi botolo la madzi a m'thanki.

Chachisanu ndi chiwiri: musam'gulire mnzake ngati mankhwala

Pamene axolotl wanga woyamba wamkazi anaikira mazira opanda moyo, wogulitsa wina anandiuza kuti nyamayo ikusungulumwa ndipo ikufuna mwamuna, ndipo ine ndinamvera. M'miyezi yochepa anaikira kawiri, anawonda mpaka mutu kuoneka waukulu kuposa thupi, ndipo m'mawa wina ndinapeza nthenga imodzi yopumira itadulidwa ndi mnzakeyo pa nthawi ya chakudya. Nthengayo inameranso, monga zimachitira ziwalo za nyamayi, koma kuti thupi libwerere panapita nthawi yaitali nditawapatula. Kulakwa kunali kwanga, chifukwa ndinayeza nyama ya m'madzi ndi mtima wa munthu.

Axolotl sakhala m'magulu, salera ana ake, ndipo amafuna mnzake pa maola ochepa a kubereka okha. Wamphongo ndi wamkazi akakhala m'thanki imodzi amaswana mobwerezabwereza, ndipo kupanga mazira mazana nthawi iliyonse kumadya thupi la wamkazi, amene amafunika kupuma miyezi ingapo akaikira ndipo sayenera kubereketsedwa asanakwanitse miyezi 18. Kugawa thanki ndi sefa sikuthetsa vutoli, chifukwa madzi amakhala amodzi, fungo la mnzake limadutsa, ndipo katumba ka umuna kangathe kukokoloka kupita mbali inayo. Nsomba nazo si anzake, zimajompha nthenga zopumira kapena kumezedwa n'kum'tsamwitsa.

Zimene axolotl wokhala yekha amafuna ndi thanki ya malita osachepera 75, makamaka yoposa 100, yotambalala pansi osati yaitali m'mwamba, popeza nthawi yambiri amayenda pansi. Muikemo mobisalamo muwiri, monga mphika wadothi wosapakidwa utoto wogonekedwa cham'mbali kapena paipi yaikulu yosalala m'mphepete, umodzi mbali iyi ndi wina mbali inayo. Maso ake alibe zikope, kotero kuwala kukhale kochepa, ndipo madzi otuluka m'fyuluta muwatchinge ndi siponji mpaka muone kuti nthenga zake zopumira zikungogwedezeka pang'ono pamene wakhala chete pansi.